Jekete la Aphunzitsi Augustino

Ana a Sitandade 5 pasukulu ina kufupi ndi Chiromo anali aphokoso ngati mpheta m'munda wa mapira. Ahedi, a Symon, anaitana mphunzitsi wawo, a Augustino.

"Oyendera sukulu akubwera Lachisanu. Akapeza phokosoli, mukusamutsidwa basi."

Kwa a Augustino kusamuka kunali kusiya mayi awo okalamba ndi dimba lawo la mbatata. Ndodo anali atayesa kale, inangothera pamatako.

Lachitatu anatengera anawo kudambo. Dzuwa la kuchigwa silinyengerera munthu, choncho anavula jekete, lokhalo lomwe anali nalo, nalikoleka pachitsamba.

"Onani kakowa uyo," anatero akuloza m'madzi. "Salongolola, koma sagona ndi njala. Khalani pansi. Chilichonse chimene muone, pakamwa tsekani."

Zodabwitsa, anawo anangoti zii. Kunamveka mabango akukhulana, mvuu ikufwenthera kutali. A Augustino anatsinzina, nkhawa yonse n'kusungunuka. Kunena zoona, chiyambire ntchito anali asanapumepo chonchi.

Potsegula maso anaona ng'ombe itaima pachitsamba paja, ikumeza mkono wa jekete. Mchere wa thukuta unali utaikomera. Ana onse ankaionerera mwachidwi.

"Bwanji osandiuza?" anakuwa.

"Munati titseke pakamwa, aphunzitsi," anayankha Juliana, mtsogoleri wa olongolola onse.

Lachisanu a Augustino anaphunzitsa chammbali ngati nkhanu, phewa lopanda mkonolo atalikanikiza kubolodi. Masiku amenewo mphunzitsi kuima pamaso pa akuluakulu wopanda jekete kunali kudziputira. M'kalasi munali bata loti woyenderayo anasuzumira pansi pa madesiki, kuona ngati anawo ali moyo.

"Mwawatani ana amenewa?" anafunsa.

"Ndinapita nawo kudambo, bwana."

"Kudambo? Nanga inu ana, munaphunzirako chiyani?"

Juliana anaimika dzanja. A Augustino anayamba kutsanzika dimba lawo chamumtima.

"Tinaphunzira kuti ukakhala chete umaona zambiri," anatero mwanayo. "Ng'ombe imatafuna mosafulumira, ndipo mabatani imalavula."

Woyenderayo sanafunse za mabatani. Anagwedeza mutu mokhutira, nati mphunzitsi wotere asachoke pasukulupo. Kenaka anatambasula dzanja kuti awagwire chanza.

Mkono umene ng'ombe inadya unali wakumanja.