Ulusi Wolumpha Njira

"Musakhudze, mayi!" anatero mlonda kachitatu, ndipo azakhali anabweza chala ngati apsa.

"Ndimangoona ngati penti wauma," anayankha. "Nanga maso okha angadziwe?"

Chitsiriza anaseka nawo, koma mtima unali m'mwamba. Linali tsiku lachiwiri la chionetsero m'nyumba ya zithunzi ya m'tauni mwawo, ndipo anali atabwera ndi amayi ake komanso azakhali. Chithunzi chake chinali m'chipinda chomaliza. Amayi ake sankadziwa kuti munthu wa pachithunzicho ndi iwo amene. Anawajambula ndi penti mobisa kwa miyezi inayi, ali pa makina awo osokera, chonsecho iwo ngakhale pa ukwati ankabisala kumbuyo kwa anzawo akangoona kamera. Tsopano mkulu wa nyumbayo ankafuna kutumiza chithunzicho ku chionetsero chachikulu cha mumzinda, koma ananeneratu mosapsatira kuti mwini nkhope akakana, chitsika pakhoma lero lomwe.

Zipinda zinali zoyera mbee, nyali zikuwalira pa chithunzi chilichonse. Azakhali sanadutse kanthu osakasiyira mawu. Ataona tambala wopangidwa ndi tcheni ndi masipoko a njinga, anagwira pakamwa.

"Mlamu, njinga ya achimwene ija tinataya chuma! Bwenzi lero ikulira kokoliliko pansi pa magetsi."

Pa chithunzi china, chobiriwira chokhachokha ndi kadontho kamodzi pakati, anapukusa mutu. "Uyu zipangizo zinamuthera. Osamusonkhera bwanji?"

Amayi ankangomwetulira, chikwama chili m'khwapa. Zaka makumi atatu za utelala zinali zitawaphunzitsa kuona zawozawo. Anthu akuyang'ana pakhoma, iwo ankayang'ana mpendero wa katani ndi mkono wa malaya a mlonda umene unasokedwa mokhota.

Atalowa m'chipinda chomaliza, azakhali anakuwa.

"Mayo ine! Mlamu, si inu awa? Ndi mapini omwe kukamwa!"

Analidi iwo: atawerama pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi, atavala diresi lofwifwa lija amagwirira ntchito. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene anali pamenepo anacheuka, kuyang'ana amayi, kenako pakhoma, n'kuyamba kuwomba m'manja.

Amayi sanawombe nawo. Anatulutsa magalasi m'chikwama, n'kusendera pafupi mpaka mlonda anatsokomola. Anayang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa.

"Iwe," anatero osacheuka. "Chimenechi chichoke."

Mkulu wa nyumbayo, mayi wamtali wa ndolo zazikulu, anali atafika kale pakhomo ndipo anamva.

"Amayi, ngati ndi diresilo, pepani," anatero Chitsiriza. " Ndimafuna anthu akuoneni mmene ndimakuonerani ine."

"Diresi latani? Ndinasoka ndekha, ndipo mpaka lero silinasosoke."

"Ndiye ndi makwinya?" anafunsa azakhali. "Amenewo musamunamizire mwana, mlamu, ndi anuanu."

"Taonani apa." Chala cha amayi chinaima pang'ono chabe kuti chikhudze. "Ulusi wachoka pamwamba, n'kutsetsereka mpaka pa singano ngati mwana pa katsetsereko. Sunazungulire pa kambale kolimbitsa. Sunalowe pa kachitsulo kokwera n'kutsika aka. Makina otere angasoke? Ukangoponda kamodzi, pansi pa nsalu pamatuluka chisa cha mbalame!"

Chitsiriza anayang'ana. Maso a amayi ake anawajambula kasanu ndi kawiri kufikira atakhala bwino, koma ulusi anangoukoka kamodzi, madzulo ena, osaganizako n'komwe.

"Mwana wakulira pansi pa makina," anatero amayi. "Anthu a mumzinda adzati telala ameneyu ndi wa chaka chino. Ine ndikachite manyazi kwa anthu osawadziwa?"

"Safunsa anadya phula," anatero azakhali mokondwa. "Digiri yonse ija, kulephera ulusi!"

"Ndikonza, amayi. Ndikatenge penti kunyumba."

Mkuluyo anapukusa mutu mwachisoni. Galimoto yonyamula zithunzi inali kubwera mawa m'mawa, ndipo penti wa mtundu umenewu amatenga masiku kuti aume. Chonyowa sichikanakwera.

Amayi anapendeketsa mutu, n'kusuzumira m'mbali mwa chithunzicho.

"Kodi chimenechi mwajambulapochi si nsalu?"

"Ndi nsalu, mayi, yolimba ndithu," anayankha mkuluyo.

"Basi, nanga tikudandaula chiyani?" Anapisa m'chikwama n'kutulutsa singano yaikulu ndi ulusi wofiira wokhuthala.

Mlonda anatsegula pakamwa. Mkuluyo anakweza dzanja kumuletsa, n'kutembenukira kwa Chitsiriza. "Lamulo limaletsa alendo. Mwini chithunzi akalola, ine ndilibe mawu."

Chitsiriza anaganiza za miyezi inayi ija, ndiponso kuti bowo la singano silitsekeka. Kenako anayang'ana manja a amayi ake, amene anali atalowetsa kale ulusi pa singano osaphonya. Anapita yekha kukachotsa chithunzicho pakhoma.

Anachigwira mbali imodzi, mlonda mbali inayo. Amayi anaboola pamwamba, ulusi wawo n'kugona pa wojambulidwa uja, kenako anaupatutsa, kuuzunguliza pa kambale, kuukweza pa kachitsulo, n'kuutsitsa mpaka pa singano. Anthu a m'zipinda zina anadzaza pakhomo. Azakhali ankauza aliyense wofika kumene kuti banja lawo lonse ndi la luso, kungoti iwo sanapezebe mpata.

Pomaliza amayi anamanga mfundo kumbuyo, n'kudula ulusi ndi mano. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu ndipo anayang'ana chithunzi chonse koyamba, kuyambira kumutu mpaka phazi la pa chopondera. Anavula magalasi n'kuwapukuta kwa kanthawi, ngakhale sanali akuda.

"Manjawa wawatha," anatero motsitsa mawu. "Ndi a mayi anga enieni."

"Ndiye chipite, amayi?"

"Chipite. Tsopano makinawo akusoka." Anabweza singano m'chikwama, n'kutembenukira kwa mlonda. "Inunso bambo, malayawo mubwere nawo Lolemba. Mkono umenewo wandipweteka maso kuyambira pakhomo."