Nyimbo ya Mawailesi Awiri

Greenwell anali atagawa kale malaya ndi makasu pamene dzanja lake linafika pa katoni ya makaseti. Abale anakhala pansi pa mtengo wa mango, mitu yometa ikuwala ndi thukuta. Tryness, amake Peace, mkazi wa malemu Yotam, ankaona zonsezi ngati zikuchitika pakhomo pa eni. Chiikireni maliro tulo sitinkabwera, moti masana ankangolota ali maso.

Greenwell anali mkulu wake wa Yotam, wochokera ku Katete, ndipo pogawa katundu wa malemu sankakondera. Vuto lake linali lomwelo. Anati m'bale aliyense atenge kaseti imodzi ya chikumbutso, wailesi yaikulu ipite ku Katete, yaing'ono itsale ndi wamasiye. Anthu anavomereza kuti mwamuna wagawa bwino.

Kunena zoona, abalewo nyimbo za Yotam sankaziwerengera. Ankati munthu anapatsidwa munda ku Kanakantapa kuti alime chimanga, iye n'kumalimbana ndi banjo ya chigubu cha mafuta. Akaweruka kumunda ankatchinga mazenera ndi mabulangete, n'kulumikiza mawailesi ake awiri ku batire ya galimoto. M'nyimbo zake munali kalindula, munali rumba ya ku Zaire yomwe ankaitola pa wailesi, munalinso nyimbo zapamtondo za amayi ake. Sanagulitsepo kaseti ngakhale imodzi.

Rosaria, mlongo wake wa malemu, anayesa yake pomwepo. Munatuluka banjo yokha, ikuyenda pang'onopang'ono, pena n'kuima ngati munthu wodikira mnzake panjira. Ya msuweni wina munali mawu okhaokha opanda choimbira. Wina anaseka, nati malemu analidi ndi mutu wakewake. Greenwell anati asadandaule, makasetiwo ngabwino, atha kujambuliramo kwaya.

Apa mtima wa Tryness unawawa. Wamasiye salankhula pogawa katundu, ndipo njinga itapita iye anangoti chete, koma izi zinamukanika.

"Amulamu, njinga tengani, sinikana. Koma makaseti aya ni awiriawiri. Mukawapatula, mwapha nyimbo."

Anafotokoza, maso ali pansi, kuti Yotam analibe makina osakanizira mawu. Ankajambula banjo pa kaseti ina, mawu ake pa ina, ndipo nyimbo inkamveka pokhapokha mawailesi onse awiri akulira limodzi. Greenwell anayankha kuti zagawidwa zagawidwa ndipo minibasi sidikira munthu, komabe mlamu aonetse kamodzi anthu asanabalalike.

Tryness anapempha kaseti ya Rosaria ndi ya msuweni uja, nazibweza poyambira penipeni ndi bolopeni. Anaika mawailesi pamphasa moyang'anizana, nauza Greenwell kuti adine yaikulu, momwe munali banjo.

Poyamba kunangomveka kusokosera kwa tepi. Kenaka tambala amene anadyedwa kalekale analira chapatali, ndipo mphepo inadutsa m'chimanga chimene anakolola chaka chatha. Anthu anasiya kutafuna nzimbe. Ndiye Yotam analankhula, osati moimba ayi, koma ndi mawu ake a masiku onse, pafupi kwambiri ngati wakhala nawo pamphasapo.

"Amake Peace, siyani mbale, bwelani mudine. Nikuyembekezani."

Tepi inapitiriza kuzungulira popanda mawu. Munthuyo ankadikiradi. Anasiya mpata wokwanira kuti mkazi wake achoke pathandala la mbale, adutse pabwalo, alowe m'nyumba osathamanga, ndipo m'chete ameneyo munkamveka kupuma kwake kokha.

Greenwell anayang'ana kumbali. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kaseti yake, naibwezera m'katoni. Kenaka anakankhira wailesi yaikulu ija pafupi ndi mawondo a mlamu wake. Katoni inayamba kuyenda m'manja mwa abale, aliyense akubwezeramo kaseti yake.

Tryness sanaone zimenezo. Ankayenda mumtima ulendo wochokera pathandala. Atafika pakhomo anapukuta manja ake ouma pachitenje, nayika chala pa wailesi yaing'ono, momwe munali mawu.

"Nabwela," anatero, nadina.