Chithunzi Pageti la Eni

Mayi wina anali ndi tsiku lopuma limodzi lokha pa sabata, ndipo nalonso mwamuna wake ankalilanda. Mayiyu ankasambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, m'dziko la eni, moti pofika Loweruka mapazi ankakhala atatupa osalowa m'nsapato. Chomwe ankafuna n'kugona basi. Koma Lamulungu m'mamawa bambo adzuka kale, asita malaya atatu, awapinda m'chikwama, aima pakhomo akuliza makiyi.

"Tiyeni amayi, basi itisiya. Lero tikukwera kaphiri kena."

Kunja kwa mzinda womwe ankakhala kunali timatawuni tokhala pamwamba pa mapiri, tatimisewu topapatiza tamiyala. Ena ankapitako kukapitidwa mphepo, koma bamboyu ankapitako kukavala. Akajambulitsa ndi malaya oyera pamasitepe a tchalitchi, ankalowa m'chimbudzi cha aliyense n'kutulukamo ali m'malaya amizeremizere, kuti zithunzi za tsiku limodzi zikwane mwezi wonse pagulu la achibale la pafoni. Anzake a kufakitale ankamutchula kuti Malaya Atatu, iye n'kumakondwa ngati amupatsa udindo. Wojambula anali mkazi wake, ndipo ntchitoyi inkamunyansa kuposa matewera a nkhalamba, poti nkhalamba sizichitira dala.

Kwawo anasiya mwana wamkazi, yemwe ankamutchula kuti Kanjiwa, m'manja mwa mkulu wake wa mayiyu. Mwanayo akafunsa kuti adzamutenga liti, mayi ankamuuza zoona zokhazokha: akukhala m'chipinda chimodzi, bedi lagundana ndi chitofu, pogona mwana palibe, adikire apeze nyumba. Kanjiwa anamva, ndipo ankadikira.

Tsiku limenelo basi inakhotakhota mpaka mayiyu anachita nseru. Atafika pamwamba, anaimikidwa pakhomo pa chimbudzi atanyamula chikwama, fungo la mikodzo likumulowa mpaka kukhosi, bambo ali m'kati kuimba mluzu. Pomwe anafuna kukhala kuti apumitse mapazi panali zitosi za nkhunda zokhazokha. Anthu ankati malowo ndi okongola, ndipo mwina analidi okongola, koma iye ankawaonera pagalasi la foni, mwamuna wake atatseka pakati.

Kumapeto kwa kamsewu kena anapeza nyumba yoyera yosanjikiza, yamazenera ambiri, maluwa atalendewera pakhonde. Geti linali lotsekula. Maso a Malaya Atatu anawala.

"Amayi, imani apa. Gwirani getilo ngati lanu."

"Bambo, pano ndi pakhomo pa eni. Mulibe manyazi?"

"Manyazi a chiyani? Akutidziwa ndani kuno? Mwetulirani kaye."

Anapempha mlendo wina wodutsa kuti awajambule, iye n'kukweza m'mwamba makiyi a kachipinda kawo kaja. Mayi anamwetulira kuti zithe msanga. Pobwerera anangoti kukhala pampando wa basi, tulo n'kumutenga, osaona zomwe mwamuna wake ankalemba pansi pa chithunzicho: Mulungu wayankha.

Inamudzutsa ndi foni, basi ikulowa mumzinda. Inali nambala ya mkulu wake, koma nkhope yomwe inatulukira inali ya Kanjiwa, mano onse pamtunda.

"Amayi, nyumba ija ndaiona. Amayi aakulu andionetsa. Ndalongedza kale chikwama, ndi yunifolomu yomwe. Zenera langa ndi liti, lam'mwamba lija?"

Mayiyu anayang'ana mwamuna wake, yemwe anali kalikiliki kupukuta chitosi cha nkhunda pakolala ya malaya achitatu.

"Muuzeni kuti ikupentedwa," ananong'ona bamboyo, maso ali gwa. "Ndi mwana, aiwala."

Apa ndiye mayiyu ananyansidwa naye mwamunayo kuchokera kutsitsi mpaka kuzala zakumapazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo iye nyererezo ankagona nazo bedi limodzi. Anauza mwanayo kuti asadule foni. Anatsika basi, nayenda motsimphina, nakwera masitepe onunkha chinyezi, bambo akutsatira pambuyo ndi chikwama.

"Amayi, mundiyalutsa. Akulu anu ali pompo, akumva zonse."

Mayiyu anamulanda makiyi aja, natsekula chitseko, natembenuza foni pang'onopang'ono. Anaonetsa bedi, chitofu, ndowa yodonthera madzi a padenga, yunifolomu yake yoyanikidwa pampando, ndi kazenera kamodzi koyang'anizana ndi khoma.

"Kwathu ndi kuno, mwanangu. Palibenso kwina."

"Nanga yamaluwa ija?"

"Ndi ya eni. Tinangoimapo."

Kanjiwa sanalire, ndipo mayi ake akanakonda akanalira. Anayang'ana pambali, pomwe panali kachikwama kake kotupa, kenako anabweza maso pafoni.

"Ndiye ndimasule?"

Mayiyu sanamunamize.

"Masula, mwanangu."