Chitamba cha Tsutomu

Mwamuna wanga Tsutomu amasiya kupuma akagona. Mkonono umalira ngati chigayo, kenako zii, mpaka ndimugwedeze. Adokotala atamupatsa makina omupopera mpweya m'mphuno kudzera m'paipi, anasiya kuwodzera pachiwongolero. Vuto la makinawo n'kuuma kukhosi ndi timizere ta malamba m'masaya, basi.

Koma popita ndi anzake akuntchito ku akasupe otentha, kumene amuna onse amagona chipinda chimodzi pamatiresi oyala pamphasa, makinawo anawasiya.

"Abwana akandione ndili ndi chitamba ngati njovu? Ulemu wanga ukhala pati?"

"Ndiye muzikapuma ulemu wanuwo," ndinatero.

Anabwera Lamlungu tsaya litatupa. Mnzake Hirose, amene anamuperekeza, anandiweramira pakhomo.

"Pepani mayi. Mkonono utaduka, tinayesa atisiya. Abwana ndi amene anawadzutsa ndi mbama. Zitachitika kachitatu, tinangowanyamula ndi matiresi omwe n'kukawasiya polowera, pamene timavulira nsapato."

Tsutomu anagwetsa nkhope pansi.

Ndinamukankhira makina ake ndi phazi.

"Valani, bambo aulemu. Njovu sigona pa nsapato za anzake."