Kagalimoto ka Malemu

Bambo aang'ono anapotokola kiyi kachisanu. Injini inangoti khwekhwekhwe, kenako zii. Anatuluka m'kagalimotomo akudandaula kuti mpando uli kutsogolo kwambiri ndipo ukukana kubwerera m'mbuyo, mawondo awo akugunda chiwongolero.

Panali patangopita masiku anayi chiikireni m'manda mkulu wawo, mwini kagalimotoka. Mipando yobwereka inali ikadali pakhonde, koma iwo anali atafika kale ndi chingwe chokokera. Ankati galimoto singawolere pakhomo pa akazi okhaokha, bola akaisunge kwawo. Aliyense ankadziwa kuti chokasungidwa kwa bambo aang'ono sichibwerera, ngakhale wilibala.

"Yafa iyi, alamu," anauza amayi amasiyewo. "Masana ndibwera ndi lole, tidzaikoke."

Mwana wamkazi wa malemu, amene bambo ake ankamutcha Sipanala chifukwa anakulira pansi pa boneti akuwapatsira zipangizo, anapsa mtima.

"Ikalira loleyo isanabwere, ikhala pano," anatero.

Bambo aang'ono anaseka, n'kuvomera. Anakoka mpando umodzi wobwereka uja kuti aonerere bwino manyazi a mwana wa mkulu wawo.

Sipanala anapempha amayi ake kuti akhale pachiwongolero, azipotokola kiyi iye akanena. Anayamba ndi batire monga bambo ake ankachitira. Hutala inalira mpaka galu wa aneba kuthawa, ndipo sitata inkazungulira ndi mphamvu. Anamasula pulagi imodzi, n'kuigunditsa pachitsulo cha injini. Kamoto kabuluu kanathetheka. Mpweya unkalowa bwino, petulo analimo theka la thanki. Bambo aang'ono anayang'ana wotchi yawo mokweza dzanja kuti aliyense aone.

Sipanala anagwada kumbuyo kwa galimoto, khutu pafupi ndi thanki, n'kuuza amayi kuti apotokole pang'ono chabe. Pampu ya petulo imayenera kung'ung'udza ngati udzudzu kiyi ikangofika pamenepo. Sanamve kanthu.

Bambo aang'ono anati basi nkhani yatha, pampu yapsa, ndipo kuisintha si ntchito ya anthu ongodziwa kugwirira sipanala. Mtsikanayo anakumbukira kuti bambo ake ankanyoza amakanika othamangira kumasula zazikulu asanaone zazing'ono. Anagona chagada pafupi ndi mapazi a amayi ake, n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi. Pamzere wachiwiri panali mpata ngati pochoka dzino. Fyuzi ya pampu sinapse ayi. Munthu anachita kuizula.

Sipanala anadzuka n'kuwayang'ana bambo aang'ono m'maso, koma iwo analumbira kuti sakudziwa n'komwe kuti kabokosiko kali pamenepo. Zimenezo anazikhulupirira mosavuta.

Amayi anatuluka m'galimoto n'kulowa m'nyumba. Anabwerako ndi kachitini kawo ka mabatani. Anafotokoza kuti tsiku lopita kuchipatala, malemu anakhala nthawi yaitali m'galimotomo ndi zipangizo, akupuma movutika. Atatuluka anawapatsa kanthu kabuluu kuti akasunge, osapatsa munthu aliyense kupatula amene adzadziwe chimene chasowa. Iwo ankayesa kuti matenda awasokoneza mutu.

Sipanala anafufuza m'mabatanimo mpaka kuipeza fyuzi ija. Anagonanso chagada n'kuilowetsa m'malo mwake misozi ikumutsekereza m'maso, chifukwa anawasowa bambo ake kuposa tsiku la maliro. Ali chigonere pansipo anaonanso chinthu china. Njanji ya mpando inali yomangidwa ndi bawuti yatsopano, yonyezimira.

Amayi anakhalanso pachiwongolero n'kupotokola kiyi. Udzudzu uja unang'ung'udza, injini inatsokomola kamodzi, kenako inalira.

Bambo aang'ono anaimirira, n'kunena kuti zakhala bwino, tsopano angoiyendetsa okha popanda lole. Anatambasula dzanja kuti alandire kiyi. Sankadziwa kuti miyezi yonse ya matenda ija, mkulu wawo ankaphunzitsa mkazi wake kuyendetsa pabwalo lamasewero.

"Alamu, chotsani chingwe chanu pageti," anatero amayi. "Ndingachiponde."

Malemu anali wamtali ngati mng'ono wakeyo, ndipo moyo wake wonse ankayendetsa mpando uli kumbuyo kwenikweni. Amayi, aafupi chonchija, anatambasula mwendo, ndipo phazi lawo linafika pakilachi popanda kudzikoka n'komwe.