Lamulungu la a Zacheus pa Big Tree

A Fidelis anakweza dengu lija m'mwamba kuti aliyense alione, ngati kuti m'nyumbamo munali munthu amene sankalidziwa. Linali la pulasitiki, lobiriwira, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. M'kati munali mbale zisanu ndi imodzi, makapu, fulasiki ya tiyi ndi nsalu yoyala pansi.

Dzulo lake anali ataika maliro a Zacheus Malunga, ndipo m'mawa uno achibale anadzaza pabalaza la nyumba ya ku Kamushanga, amuna pamipando, akazi pansi atatambalala. Unali msonkhano umene ku Kabwe kuno timautcha isambo, wokambirana za imfa ndi kugawa zinthu za malemu. Makolo a banjali anachokera ku Ntcheu kudzakumba mgodi, koma mwambo wa Abembawu anautengera kalekale. Wogawa anali a Fidelis, mng'ono wa malemu. Jekete la ku njanji linapita kwa Clive, mwana wamwamuna. Nsapato zinapita kwa msuweni wina amene aliyense ankaona kuti mapazi ake sangalowemo, koma iye anazilandira ndi manja awiri.

"Iyi basiketi palibe zokambirana," anatero a Fidelis. "Ni ya Keziah."

Anafotokoza kuti chimwalirireni mayi a anawa, akulu awo sankatha sabata osatamanda mwana wawo woyambayu. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, akuti, Keziah ankanyamula ana ake kuchoka ku Natuseko kukadya ndi bambo ake pa kapinga wa pa Big Tree, mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, ndipo sanaphonyepo. Akazi anavomera ndi timawu ta kukhosi. Azakhali ena anati ana aakazi otere anatha, otsalawa amangodziwa kutumiza mauthenga pafoni.

Keziah anayenda chogwada kukalandira dengulo. Zoona zake n'zakuti pa kapinga uja anali asanapondepo kwa zaka zitatu ndi miyezi. Akanatha kunena pomwepo, pakamwa anali napo. Koma anangoti zikomo, n'kubwerera pamalo pake, mutu uli zyoli, ndipo anthu anati ndi chisoni.

Zokadya pa Big Tree anaziyambitsa ndi a Zacheus ana adakali aang'ono. Iwo anali galadi wa sitima, ndipo ankati pabwalo la kunyumba pali fumbi lokhalokha, fumbi la ku Kabwe lomwenso si loseweretsa poti lili ndi poizoni wa kumgodi. Choncho mwezi ukangoyamba, potuluka kutchalitchi, banja lonse linkalunjika m'tauni pansi pa mkuyu waukulu uja. Mayi ankakonza mpunga ndi zitumbuwa, nkhuku ikapezeka. Ankakhala mbali ya kumaluwa, kutali ndi msewu, a Zacheus atavula nsapato, masokosi atawapinda n'kuwaika m'thumba la jekete.

Mayi atamwalira, bambo sanasiye. Loweruka madzulo foni ya Keziah inkalira, iwo n'kufunsa ngati ana akudyabe mazira owiritsa. Keziah ndi nesi, ndiye chowiringula sichinkasowa: ndili pa ntchito mawa. Poyamba zinali zoona. Kenako Eva, mwana wake wamkulu, anadandaula kuti anzake a kusukulu anamuona akudyera pansi pakati pa tauni, ndipo Keziah anamukalipira, koma mumtima anagwirizana naye. Nayenso dengu lobiriwiralo linkamuchititsa manyazi. Ankaopa kuti anzake a kuntchito adzamuona atakhala pa nsalu yakutha, bambo ali phazi lopanda nsapato, akuthira tiyi. Bodza linayamba kutuluka lokha, ndipo bambo ankalilandira mosavuta. Ankamuuza kuti asadandaule, Clive abwera ndi ana ake. Lolemba ankaimbanso, akuseka, kusimba kuti Clive anadya zidutswa zitatu za nkhuku yekha. Keziah ankagona tulo tabwino.

Kufunsa Clive sakanafunsa. Chiyambanireni ndi mkazi wa Clive pa phwando lina la ukwati, chifukwa cha mawu amene lero palibe akuwakumbuka bwino, awiriwa ankangopatsana moni wa pa Khirisimasi. Ku Ngungu kwa Clive ndi ku Natuseko kwa Keziah si kutali, koma iwo anakutalikitsa.

Isambo itatha, Keziah anathawira kuseri kwa nyumba kukatsuka mapoto pampopi. Clive anamupeza komweko, jekete la bambo lili pamkono. Anaima nthawi yaitali akukanda pansi ndi nsapato.

"Ba sisi, nili na manyazi," anatero. "Zaka zitatu ine sininayendeko. Daddy anali kuniuza kuti osavutika, Keziah aliko na bana. Munanyamula mweka. Zikomo."

Poto anamupulumuka Keziah m'manja. Apa m'pamene anamvetsa. Kwa iye bambo ankati kuli Clive, kwa Clive ankati kuli Keziah, kwa a Fidelis ankatamanda mwana amene sankabwera. Ndiye kuti mkulu uja ankakwera minibasi ndi dengu lake, kukayala nsalu, n'kukhala yekha. Keziah anayesa kuwerenga masiku ajawo, n'kulekeza panjira.

Mpata wonena zoona unali womwewu, panalibe wina womva koma mlongo wake. Koma manyazi ndi oipa, abale. Clive anali kumuyang'ana ndi ulemu umene sanamupatsepo chibadwire, ndipo Keziah anaukonda ulemuwo ngakhale unali wakuba. Anatola poto n'kunena kuti zinapita zimenezo, asadzizunze.

Clive anapukuta m'maso. Kenako anapempha chinthu chimodzi: Lamulungu likubwerali ndi loyamba la mwezi, amutenge akamuonetse pamene ankakhala, akamuuze zimene bambo ankakamba masiku omalizawa. Iye sadzapemphanso china. Keziah anavomera, poti akanakana ndi chifukwa chanji?

Masiku atatu otsatirawo anawatha akukonza mabodza. Akamabaya odwala jakisoni, mutu unali pa nkhani zimene bambo ankanena pafoni, kuzisanja kuti zioneke ngati anazimvera pa kapinga. Loweruka anagula nkhuku. Ana anawasiya ndi bambo awo, poopa kuti Eva angatsegule pakamwa.

Anafika pa Big Tree dzuwa lili pamutu. Anthu anali ambiri ndithu: mabanja ochokera kutchalitchi, ana akuthamangitsana kuzungulira mizu, wojambula zithunzi akuitanira makasitomala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaoneka wamanyazi ndi chakudya chake. Keziah anatsogola molimba mtima mpaka mbali ya kumaluwa, n'kuyala nsalu pamalo pamene ankakhala ali ana. Clive anavula nsapato osauzidwa.

Anayamba kufunsa. Kodi bambo ankamutchula? Ankadandaula za iye? Keziah anayankha kuti ankamutchula bwino nthawi zonse, ankati Clive ndi wotanganidwa ndi shopu yake. Anasimba za bondo limene linkawavuta, za chimanga cha kuseri kwa nyumba. Mawu ankatuluka bwinobwino, koma mpunga wake unangozizirira m'mbale.

Ali pakati pa nkhani, panaima mayi wina wonenepa, beseni la chinangwa chootcha ndi mtedza lili pamutu. Sanayang'ane iwo, anayang'ana dengu.

"Ba shikulu bali kuti lelo?" anafunsa.

Clive anamuuza kuti agogo amene akuwafunsawo anawaika Lachiwiri. Mayiyo anatula beseni pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pa kapinga, n'kufunda kumaso ndi chitenje. Analira ndithu, kulira kwa munthu wapafupi. Atatonthola anati dzina lake ndi Mazuba, wagulitsa pamalopa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mwezi wathawu anaona kuti mkuluyo akupuma movutikira. Anapepesa kuti sanamve za maliro, akanabwera.

Kenako anamuyang'ana Keziah bwinobwino. Anati ameneyu akumudziwa, ndi a nesi aja, amake Eva ndi Christian. Uyu ayenera kukhala Clive wa ku Ngungu, poti mphumi ndi ya bambo ake. Anati wakondwa kuti lero wawapatsa moni pamanja, chifukwa nkhani zawo wakhala akuzimva mwezi ndi mwezi. Koma anadabwa kuti ayaliranji kuno, popeza mkuluyo anasamuka kalekale mbali imeneyi, ankakhala kumsewu.

Clive anasiya kutafuna. Anatembenuka kuyang'ana mlongo wake.

Keziah anafunafuna bodza lina, ndipo linalipo, likanatha kugwira: akanati bambo ankasinthasintha malo. Koma anatopa. Anaika mbale pansi.

"Clive, naine sininabwelepo," anatero. "Olo kamodzi. Banali kuniuza kuti uliko iwe. Pa isambo ninanama, pa pompi ninanama, na manje apa nanama."

Ankayembekeza kuti Clive akalipa, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Koma iye anangogwira mapazi ake opanda nsapatowo, n'kuyang'ana mbale zinayi zimene zinatsala m'dengu. Kenako anafunsa Mazuba, ndi mawu otsika, kuti nanga bambo ankadya ndi ndani.

Mazuba anazindikira kuti waponda pamene sanayenere, ndipo anayamba kukonzakonza mtedza m'beseni. Koma anayankha. Anati mkuluyo ankafika isanakwane thwelofu, n'kuyala mbale zonse zisanu ndi imodzi, n'kudikira. Ikakwana fotini, 2 koloko masana, ankaitana iyeyo, ndi oyendetsa matakisi a pakona, ndi aliyense wooneka wanjala. Ankadya akuseka. Za ana ake sankanena choipa, ankati mmodzi akupulumutsa odwala, wina akuyendetsa bizinesi, anthu otere sangamangokhala pa kapinga.

Keziah anapempha kuti awaonetse malowo. Anasiya chakudya pomwepo n'kumutsatira kuzungulira thunthu la mkuyu, limene anthu khumi sangalikumbatire. Mbali ya kumsewu kunalibe kapinga wabwino, kunali phokoso la magalimoto ndi utsi. Mazuba analoza muzu wina waukulu wotuluka pamtunda, wosalala pamwamba. Keziah sanamvetse chimene munthu wokonda maluwa angasiyire mbali ija n'kudzakhala pano. Anakhala pa muzupo n'kukweza maso.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana naye ndendende, kunali kamalo kogulitsa tchipisi ndi ayisikilimu, mipando yake yofiira ili panja. Tchalitchi chake chili kuseri kwa msewu womwewo, ndipo Lamulungu lililonse akatuluka ankakhazika Eva ndi Christian pamipando imeneyo asanakwere minibasi ya ku Natuseko. Ngakhale Lamulungu loyamba la mwezi ankatero, tsiku limene anali atanena kuti ali pa ntchito. Ankadziuza kuti bambo ali kuseri kwa mtengo, kumaluwa, atanganidwa ndi Clive, ndipo iye ankakhala chofulatira mtengowo. Kuchokera pa muzu uwu munthu ankatha kuona ngakhale mtundu wa ayisikilimu.

"Banali kuniona?" anafunsa.

Mazuba anayang'ana Clive, anayang'ana pansi, anati iye ndi wogulitsa chinangwa chabe, za m'banja la eni sazidziwa. Keziah anamugwira dzanja n'kufunsanso. Misozi inali itafika kale pachibwano, ndipo sanaipukute.

Mayiyo anapuma mozama. Anati tsiku lina mkuluyo anabwera mbali ino kudzagula mtedza, n'kuona Keziah ndi ana mwangozi. Anaima nthawi yaitali, chenji ili m'manja. Mwezi wotsatira anasamutsira nsalu yake kuno. Ankati adzukulu akukula msanga, Eva watalika ngati agogo ake aakazi, ndipo kamnyamata kamagwira supuni ndi dzanja lamanzere ngati iwo eni ake.

"Nanga sibananiitane chifukwa chani?" anatero Keziah. "Ni pafupi apa. Sembe banakuwa chabe."

Mazuba anati nayenso anawafunsa zomwezo, mpaka anadzipereka kuti awoloke msewu akamuitane. Mkuluyo anamugwira chitenje, n'kumuuza kuti mwana wake akadziwa kuti waonedwa adzachita manyazi pamaso pa ana ake, ndipo sadzabweranso pamipando ija.

"Mukafika, banali kuchita so," anatero Mazuba.

Anadzuka, n'kukankhira dengu losaoneka kuseri kwa muzu ndi phazi. Anavula chipewa chimene sanavale n'kuchigwira pachifuwa. Kenako anabwerera chafutambuyo masitepe atatu, n'kulowa mumpata wa pakati pa mizu iwiri, kumene thunthu limapindika, mpaka thupi lonse linabisika. Kunangotsala mbali imodzi ya nkhope, ikusuzumira kutsidya kwa msewu.

"Apa," anatero ali momwemo. "Mpaka bana basilize kudya."