Mng'alu pa Paipi ya Bambo

Chaka chimene ndinkapita kunja, bambo anakwera nane phiri la kumtunda kwa Malomo, nandigwiritsa paipi yachitsulo imene iwo ndi anzawo anasenza pamapewa kuti madzi azitsikira kumudzi.

"Elisha, paipi iyi asadzaidule munthu. Wamva?"

Ndinalonjeza.

Ndinabwerera patatha zaka makumi atatu, bambo ali kumanda. Zaka zonsezo ndinathera kuyeza ming'alu m'mapaipi a mafuta a eni ake. Kwathu ndinapeza mitengo yonse ya masuku itasanduka makala, anzanga akusukulu akunditchula bwana. Paipi yokha ndiyo inali pomwe ndinaisiya, madzi akuyendabe.

Ankaisamalira ndi mlongo wanga wamng'ono, Tabita. Pamene padontha ankakulungapo mphira ya chubu cha njinga. Titakwera phiri kukaiona, tinapeza pamalo pena mphirayo ili yochindikala ngati ntchafu.

"Masula apa," ndinatero.

"Achimwene, mwafika dzulo lomweli, lero mwayamba kuvula odwala mabandeji?"

Anamasulabe. Ndinapala dzimbiri, kupaka parafini, kupukuta, kenako kuwaza choko chopera. Parafini amene analowa mumng'alu anatulukira m'chokomo, mzere wonyowa wotalika kuposa chikhatho changa, wotsata paipi. Chakumapeto kwa mzerewo kunali kabowo kosalala, kotseka ndi phula.

"Waboola apa ndani?"

"Ine. Mng'alu ukapeza bowo umakhala pansi nkupuma. Simunaphunzire zimenezi kwanuko?"

Ndinaphunzira. Ndinatha zaka zitatu ndikulemba masamu ofotokoza chifukwa chimene nsonga yakuthwa imang'ambira chitsulo pamene yobulungira siing'amba. Mlongo wanga anazipeza ndi kachitsulo koboolera ka wokonza njinga. Ndinalakalaka aphunzitsi anga onse akanaima paphiripo, atavula zipewa.

Koma mzere wonyowa uja unali utadutsa kabowoko nkupitirira.

"Mabuku anuwo akuti chiyani?" anafunsa.

"Akuti kabowo kako kanagwira ntchito, katopa. Mvula ikadzaza thanki ya pamwamba pa phiri, paipi ing'ambika ngati nzimbe mpaka polumikizira. Mudzi wonse ubwerera kukatunga kudambo."

"Tikachotsa pamng'alupa nkulumikiza ina?"

"Ikhala mpaka adzukulu ako."

Tabita anatulutsa sowo yodulira zitsulo m'thumba la feteleza. Anali atabwera nayo kuchokera kunyumba.

"Ine bambo sanandilonjezetse kanthu," anatero. "Koma ndaigwira zaka zambiri, dzanja likukana."

Anapita kukatseka madzi. Ndinalemba mizere iwiri ndi choko, ndinagwada, ndinadula paipi ya bambo.